CHAKUDYA NDI CHISAMALIRO CHA MAYI WAPAKATI

Tsopano mwadziwa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Phunziro lino ndi lokuthandizani kuti musaiwale zimene munaphunzira ku sukulu ya kwacha. Werengani pang'onopang'ono. Mukatopa pumulani. Mukapeza mawu ovuta, funsani mlangizi wanu. Mukamaliza, kawerengereniko anzanu a m'mudzi amene sanalowe sukuluyi.

Nkhani yathu ndi ya mayi wapakati. Akuluakulu amati mayi woyembekezera amatchedwa wapakati chifukwa ali pakati pa moyo ndi imfa. Mawu amenewa ndi oopsa, koma ali ndi choonadi. Kafukufuku wa boma wa 2004 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo m'Malawi, amayi 984 ankamwalira chifukwa cha uchembere. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti chiwerengerocho chinatsika kufika pa 439. Taonani, imfazo zinachepa kuposa theka. Ndiye kuti imfa za uchembere n'zopeweka. Ife a ku Mbulumbuzi ndi midzi yozungulira tingathe kuzichepetsanso, kuyambira m'munda, m'khitchini ndi kusikelo.

GAWO 1: MASIKU 1,000 OYAMBA

Mwana sayamba kudya tsiku lobadwa ayi. Amayamba kudya ali m'mimba. Chimene mayi wadya chimalowa m'magazi ake. Magaziwo amapititsa chakudya kwa mwana kudzera mu nsengwa ndi mchombo. Mayi akamadya mosakwanira, mwana amatenga zofunika kuchokera m'thupi la mayiyo. Mayi amafooka, ndipo mwana amabadwa wochepa.

Mwana wobadwa ndi sikelo yosakwana makilogalamu awiri ndi theka amadwaladwala. Ena mwa ana otere amakula opinimbira. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Kupinimbira kumagwira msinkhu, kumagwiranso nzeru. Mwana wopinimbira amavutika m'kalasi.

A zaumoyo amanena za masiku 1,000 oyamba a moyo wa munthu. Tiyeni tiwerengere limodzi. Masiku a mimba ndi pafupifupi 270. Chaka choyamba cha mwana ndi masiku 365. Chaka chachiwiri ndi masiku 365. Tikaphatikiza 270 ndi 365 ndi 365 tikupeza 1,000. Nthawi imeneyi ndi imene thupi ndi ubongo wa mwana zimamangidwa. Ili ngati maziko a nyumba. Maziko akapindika, n'kovuta kuwongola khoma.

Nanga mayi wapakati adye motani? Adye katatu pa tsiku monga mwa nthawi zonse, kenaka awonjezere kamodzi. Akamayamwitsa awonjezere kawiri. Mayi wa thupi labwino amawonjezera makilogalamu pafupifupi 10 mpaka 12 pa mimba yonse. N'chifukwa chake amakwera sikelo ulendo uliwonse.

GAWO 2: MAGULU ASANU NDI LIMODZI A ZAKUDYA

Inu amene munakula kale mukukumbukira magulu atatu a zakudya: zokulitsa, zopatsa mphamvu ndi zoteteza ku matenda. Chiphunzitso chimenecho sichinali chabodza. Koma masiku ano a zaumoyo anagawa zakudya m'magulu asanu ndi limodzi, kuti tizikumbukira kusiyanitsa zakudya. Maguluwo ndi awa.

Gulu loyamba ndi la zakudya zokhutitsa. Izi ndi nsima, phala, mbatata, chinangwa, mapira, mpunga, nthochi zophika ndi thobwa. Ufa wa mgaiwa uli ndi chakudya chambiri kuposa ufa woyera. Pokonola ndi poviika mphale timataya mbali yabwino ya chimanga. Mbatata yofiira mkati, monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Chipika, ili ndi vitamini A wothandiza maso ndi kuteteza thupi.

Gulu lachiwiri ndi la nyemba. Muno muli nandolo, khobwe, nyemba, nzama, soya ndi mtedza. Kuno ku Chiradzulu nandolo timalima pafupifupi m'munda uliwonse, pakati pa chimanga. Vuto ndi loti ambiri timagulitsa yense kwa mavenda. Sungani thumba limodzi la pakhomo musanapite kumsika.

Gulu lachitatu ndi la zochokera ku nyama. Izi ndi usipa, matemba, mazira, nkhuku, mkaka, mbewa, ngumbi ndi ziwala. Musanyoze nsomba zing'onozing'ono. Usipa ndi matemba timadya ndi mutu ndi minga yomwe. Mingayo ili ndi mchere wolimbitsa mafupa ndi mano a mayi ndi mwana. Amene muli ndi ng'ombe zamkaka, siyani kapu imodzi ya mayi musanapite kokagulitsa. Mkakawo muziuwiritsa kaye.

Gulu lachinayi ndi la masamba. Tili ndi bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, kholowa, chitambe, khwanya, chigwada, mpiru ndi masamba a cham'mwamba. Masamba obiriwira kwambiri ndiwo abwino koposa. Kabichi ndi wokoma, koma bonongwe womera yekha kuseri kwa khola amamuposa pa chakudya.

Gulu lachisanu ndi la zipatso. Izi ndi magwafa, mango, mapapaya akupsa, malalanje, mandimu, masuku, nthochi, malambe ndi bwemba. Zipatso si za ana okha ayi. Mayi wapakati adye chipatso tsiku lililonse, chimene chili pa nyengo yake.

Gulu lachisanu ndi chimodzi ndi la mafuta. Muno muli mafuta ophikira ndi mapeyala. Nsinjiro nazonso zimapereka mafuta. Mafuta pang'ono m'ndiwo amathandiza thupi kutenga vitamini A wa m'masamba.

Mwina mukuti, "Zonsezi tizipeza kuti ife osauka?" Taonani chitsanzo ichi. M'mawa mayi amwe phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Masana adye nsima, nandolo ndi nkhwani. Dzuwa likapendeka adye gwafa ndi mbatata yootcha. Madzulo adye nsima, usipa wothira mafuta pang'ono ndi bonongwe. Werengani magulu. Onse asanu ndi limodzi akwana. Chogula kumsika wa Mbulumbuzi ndi usipa, mafuta ndi mchere basi.

Minda yathu kuno ndi yaing'ono chifukwa anthu tachuluka. Komabe kadimba ka pakhomo sikafuna malo aakulu. Bedi limodzi la masamba kuseri kwa nyumba lingathiriridwe ndi madzi otsukira mbale opanda sopo wambiri. Nthawi ya dzinja futsani masamba. Mfutso wouma pamthunzi umasunga chakudya chake kuposa wouma padzuwa. Umathandiza kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, masamba akasowa.

GAWO 3: KAPHIKIDWE NDI MAGAZI A MAYI

Vuto lalikulu la amayi apakati ndi kuchepa kwa magazi. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi apakati 45 mwa 100 anali ndi magazi ochepa. Mayi wotere amatopa msanga. Amachita chizungulire. Mtima umagunda kwambiri akangoyenda pang'ono. M'zikope, m'manja ndi lilime zimayera. Pochira, mayi aliyense amataya magazi. Amene anali nawo ochepa kale angathe kufa ndi magazi amene mnzake wathanzi akanapirira.

Magazi amachepa pa zifukwa zitatu zikuluzikulu: chakudya chosakwanira, malungo ndi njoka zam'mimba. Kuti thupi lipange magazi limafuna mchere wotchedwa ayironi. Ayironi amapezeka mu nsomba, nyama, nyemba ndi masamba obiriwira. Koma kaphikidwe ndi kadyedwe kathu kangathandize kapena kuwononga. Kumbukirani malangizo awa.

1. Tsukani masamba musanawadule. Mukatsuka mutadula, chakudya china chimapita ndi madzi.
2. Phikani masamba ndi madzi ochepa, kwa nthawi yochepa. Msuzi wake musataye.
3. Chepetsani soda ndi chidulo. Zimafewetsa ndiwo, koma zimapha mavitamini.
4. Chigwada chokha ndicho chofunika kusinja ndi kuphika mokwanira, kuti ululu wake uchoke.
5. Idyani chipatso monga gwafa, lalanje kapena malambe pamodzi ndi chakudya. Zimathandiza thupi kutenga ayironi.
6. Musamwe tiyi pa nthawi ya chakudya. Tiyi amatsekereza ayironi. Dikirani ola limodzi kapena awiri.
7. Gulani mchere wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini. Ayodini amateteza chithokomiro ndipo amathandiza ubongo wa mwana. Inu mukudziwa kuwerenga tsopano, werengani paketiyo.
8. Sankhani mtedza ndi chimanga musanasinje. Zachuku tayani. Chuku chili ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo satha ndi moto.

Amayi ena apakati amalakalaka dothi la pachulu kapena logula pamsika. Kawirikawiri chilakolako chimenechi chimayenda ndi kuchepa kwa magazi. Dothilo silionjezera magazi. Lingabweretse njoka zam'mimba ndi kudzimbidwa. Mayi wolakalaka dothi akauze anamwino, amuyeze magazi.

Madzi akumwa akhale a pamjigo kapena pampopi, osungidwa m'ndowa yovindikira. Ngati ndi a pachitsime, awiritseni kapena thiranimo klorini. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatiphunzitsa kuti madzi oyera m'maso angathe kupha.

GAWO 4: MIYAMBO YATHU

Makolo athu anali ndi njira zosamalira mayi woyembekezera. Pa mimba yoyamba anankungwi ankamulangiza, pa mwambo umene ena amati chisamba, ena litiwo. Zambiri mwa malangizowo n'zabwino ndithu. Ankati mayi asasenze katundu wolemera. Ankati mwamuna akhale wokhulupirika. Ankati mayi akachira apumule m'chikuta, abale amuphikire ndi kumutungira madzi. Zimenezi tizisunge.

Koma pali zina zofunika kuziganiziranso. Ena amati mayi wapakati asadye mazira, mwana angabadwe wopanda tsitsi. Tayang'anani ana a anamwino ndi aphunzitsi amene amadya mazira ali ndi pakati. Kodi alibe tsitsi? Dzira lophika bwino ndi chakudya chomanga thupi, chopezeka pakhomo pomwe. Ena amati mayi achepetse kudya, mwana angakule kwambiri n'kuvuta pobadwa. Njala siifewetsa njira. Imangofooketsa mayi pa tsiku limene akufunika mphamvu.

Ena amabisa mimba mpaka ioneke yokha, poopa anthu oipa mtima. Kusalengeza m'mudzi ndi ufulu wanu. Koma anamwino musawabisire. Iwo amasunga chinsinsi, ndipo miyezi itatu yoyamba ndi yofunika kwambiri.

Choopsa koposa ndi ichi. Matenda akatalika, ena amati mayi kapena mwamuna wake anayenda panja, ndipo amamukakamiza kuulula. Pamene akufunsana mayina, nthawi ikutha. Mwana amakanika kubadwa chifukwa wagona mopingasa, kapena mutu wake ndi waukulu kuposa njira. Zimenezi zimachitika kwambiri kwa atsikana amene mafupa awo sanakhwime. Mwana akakhalitsa panjira angafe, ndipo mayi angabooke chikhodzodzo n'kumangotaya mkodzo osalekeza. Matendawa amatchedwa fisitula. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18.

GAWO 5: MANKHWALA AZITSAMBA

Masiku ano tikumva zambiri za mankhwala achilengedwe. Amagulitsidwa m'mabotolo m'misika, m'mabasi ndi pa wailesi. Ogulitsa amati, "N'zachilengedwe izi, sizipweteka." Tiganize bwino pamenepa. Bowa wakupha nayenso ndi wachilengedwe. Chomera chikakhala ndi mphamvu yochiza, chili ndinso mphamvu yopweteka. Nkhani yagona pa muyezo, ndipo muzu wokumba kutchire ulibe muyezo.

Tisiyanitse zinthu ziwiri. Pali zomera zimene ndi chakudya. Masamba a cham'mwamba ophika ngati ndiwo ndi abwino. Kachidutswa ka jinja m'madzi otentha kamachepetsa nseru ya miyezi yoyamba. Papaya wakupsa, masamba ndi madzi ambiri zimathetsa kudzimbidwa. Izi mayi angagwiritse ntchito. Koma pali mizu, makungwa ndi madzi owawa omwedwa ngati mankhwala. Mizu ndi makungwa a cham'mwamba, madzi a nimu ndi madzi a alovera, mayi wapakati asamwe. Botolo losadziwika zimene zili mkati mwake asalikhudze.

Tinene za mwanamphepo, popeza tonse tikumudziwa. Amayi ambiri amapatsidwa mankhwalawa kuti matenda ayambe msanga kapena afulumire. Owapatsa ndi agogo kapena apongozi, ndipo amapereka mwachikondi. Mankhwalawa amagwiradi ntchito, ndipo kuopsa kwake kuli pomwepo. Amachititsa chiberekero kukoka mwamphamvu, mosapumira. Pa matenda abwinobwino chiberekero chimakoka n'kupuma. Pa kupumako ndi pamene mwana amalandira mpweya kudzera m'magazi a mayi. Chikamakoka osapuma, mwana amabanika. Ngati khomo la chiberekero silinatseguke, kapena mwana wagona molakwika, chiberekero chingang'ambike. Mayi amataya magazi mkati, osaoneka kunja. Mayi amene anachitidwapo opareshoni pa mimba yam'mbuyo ali pangozi yaikulu zedi.

Kafukufuku wa ku Mchinji, amene anafalitsidwa mu 2018, anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi anayi anamwa mwanamphepo. Anapezanso kuti mavuto a uchembere anali ochuluka pakati pa amene anamwa kuposa amene sanamwe. Mwina wina anena kuti, "Ine ndinamwa, ndinachira bwinobwino." Eetu, ambiri amapulumuka. Wowoloka mtsinje wodzaza nayenso nthawi zina amafika tsidya. Kodi mungamuuze mwana wanu kuti awoloke?

Ngati mayi wamwa kale mankhwala otere, musabise. Uzani anamwino mutangofika, kuti adziwe momuthandizira. Kukalipiridwa pang'ono n'kwabwino kusiyana ndi maliro.

GAWO 6: KUSIKELO

Chakudya chabwino sichilowa m'malo mwa sikelo. Ziwirizi zimayendera limodzi ngati mtondo ndi munsi. Mayi ayambe sikelo akangodziwa kuti waima, miyezi itatu isanathe. Kale ankati maulendo anayi akwanira. Mu 2016 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza maulendo asanu ndi atatu, ndipo dziko lathu linatsatira malangizowo. Ulendo woyamba ndi wa masabata 12 asanathe. Ena ndi a pa masabata 20, 26, 30, 34, 36, 38 ndi 40. Chipatala chathu chaching'ono cha Mbulumbuzi chili pafupi. Vuto likakula, iwo amatumiza mayi ku chipatala chachikulu cha boma la Chiradzulu.

Kodi kusikelo amachita chiyani? Amayeza kulemera kwa mayi. Amayeza kuthamanga kwa magazi. Amayeza kuchuluka kwa magazi. Amamvetsera mtima wa mwana ndi kuona mmene wagonera. Amaperekanso zinthu izi.

Mapiritsi owonjezera magazi. Mayi amwe limodzi tsiku lililonse. Chimbudzi chikada asaope, ndi mmene amachitira. Akamamuchititsa nseru, amwe usiku atadya.

Mankhwala oteteza malungo, a SP, amene ambiri timati Fansida. Malawi linali dziko loyamba kupereka mankhwalawa kwa amayi apakati, mu 1993. Mayi amayamba kumwa miyezi itatu yoyamba ikatha. Amwe katatu kapena kuposa, motalikirana mwezi umodzi. Malungo amabisala mu nsengwa ngakhale mayi asakumva kudwala, ndipo amachepetsa chakudya chopita kwa mwana.

Neti yonyikidwa m'mankhwala. Ndi yogonamo usiku uliwonse, chaka chonse. Si yotchingira dimba kapena anapiye ayi.

Katemera wa kafumbata, ndi mankhwala a njoka zam'mimba.

Kuyeza HIV ndi chindoko. Chindoko chimapha ana m'mimba, koma chimachizika ndi jakisoni. Mwamuna nayenso alandire, kuti asapatsirenso mkazi wake. Pa nkhani ya HIV, boma lathu la Chiradzulu lili ndi mbiri. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV kuno, pamene madera ambiri anali asanawaone. Mu 2011 dziko la Malawi linayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense wapakati kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachilomboka. Mayiko ena anatengera kwa ife. Mayi akamamwa mokhulupirika, mwayi woti mwana abadwe wopanda kachilombo ndi waukulu kwambiri. Palibe chitsamba chimene chingalowe m'malo mwa ma ARV.

Zonse zimalembedwa m'buku la kuchipatala. Kale munkangolisunga m'chikwama. Tsopano litseguleni. Werengani tsiku lobwerera kusikelo, ndipo mulilembe pa kalendala.

GAWO 7: ZIZINDIKIRO ZOOPSA

Mayi wapakati akaona chimodzi mwa izi, apite kuchipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku.

1. Kutaya magazi, ngakhale pang'ono.
2. Mutu waukulu wosamva mankhwala, kapena kuona zinthu mwachimbuuzi.
3. Kutupa nkhope ndi manja.
4. Kukomoka kapena kugwedezeka ngati wakhunyu.
5. Kutentha thupi.
6. Kupweteka kwambiri m'mimba.
7. Kusweka kwa nsupa matenda asanayambe.
8. Mwana kusiya kusewera m'mimba.
9. Kupuma movutikira.

Kutupa nkhope si chizindikiro cha mapasa kapena cha mwana wamwamuna. Kawirikawiri ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo kungaphe mayi ndi mwana tsiku limodzi. Musayambe mwapita kwa asing'anga. Musadikire kuti kuche. Musadikire malume amene ali ku Limbe kuti adzapereke chilolezo. Gwirizanani pabanja lero kuti aliyense amene ali pafupi angathe kunyamuka ndi mayiyo.

GAWO 8: NTCHITO YA ABAMBO NDI BANJA

Abambo, gawo lino ndi lanu. Mutu umodzi susenza denga. Mimba ndi ya anthu awiri. Mayi wapakati amafunika chakudya, amafunikanso mpumulo ndi mtendere wa mumtima.

Perekezani akazi anu kusikelo, makamaka ulendo woyamba, ndipo mukayezetse magazi limodzi. Athandizeni kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kulima. Ntchito zopepuka ndi kuyenda pang'ono n'zabwino kwa mayi, koma mtolo wolemera ayi. Masana apumuleko ola limodzi. Miyezi yomaliza azigona chammbali. Ndiwo zikachepa, mbale ya mayi isakhale yomaliza kugawidwa. Utsi wa m'khitchini umapweteka mayi ndi mwana. Mbaula ya chitetezo imachepetsa utsi ndi nkhuni zomwe.

Mowa, kaya kachasu kaya masese, umafika kwa mwana ndipo umawononga ubongo wake. Fodya wosuta ndi wamphuno yemwe ndi woipa. Inunso abambo musasutire m'nyumba. Kumenya kapena kutukwana mayi wapakati ndi mlandu. Mayi amene akungokhala ndwii, akulira kawirikawiri, osagona, osafuna kudya, akufunika thandizo. Mverani nkhawa zake ndipo mupite naye kwa a zaumoyo.

Konzekani msanga. Sungani ndalama ya ulendo. Panganani ndi wanjinga kapena wagalimoto amene mungamudzutse usiku. Konzani zitenje zochapa bwino, beseni, sopo ndi zina zimene anamwino akuuzani. Sankhani womudikirira ndi wotsala ndi ana. Ngati kwanu n'kutali, kapena anamwino aona chovuta, mayi akadikirire kuchipatala masiku ake akayandikira. Mu 2007 boma linalamula kuti azamba asiye kuchiritsa amayi kumudzi. Chifukwa chake n'chakuti magazi akayamba kutayika, kumudzi kulibe jakisoni wowaletsa, kulibe magazi owonjezera, kulibe opareshoni. Azamba ndi anankungwi akadali anthu olemekezeka. Atithandize polangiza amayi ndi kuwaperekeza kuchipatala nthawi yabwino.

Mwana akabadwa, ayamwe ola loyamba lisanathe. Mkaka woyamba wachikasu usafinyidwire pansi. Uli ngati katemera woyamba wa mwana. Ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, osampatsa madzi, dawale kapena mankhwala azitsamba. Pamchombo musapake phulusa, ndowe kapena madzi a zomera. Mayi abwerere kuchipatala pa masiku amene wauzidwa, ndipo banja likambirane za kulera. Thupi la mayi limafuna zaka ziwiri kuti libwerere m'malo asanaimenso.

MAWU OTI MUWADZIWE

Ayironi: mchere wa m'zakudya wopanga magazi.
Ayodini: mchere woteteza chithokomiro ndi kuthandiza ubongo.
Nsengwa: chiwalo chimene chimadyetsa mwana m'mimba.
Kupinimbira: kusakula molingana ndi zaka chifukwa cha kusowa chakudya choyenera.
Fisitula: kubooka kwa njira ya mkodzo kapena chimbudzi chifukwa cha matenda otalika.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Tchulani magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Ndi gulu liti limene limasowa kwambiri m'mudzi mwanu? Limasowa miyezi iti?
2. N'chifukwa chiyani mayi wapakati sayenera kumwa tiyi pa nthawi ya chakudya?
3. Apongozi abweretsa mwanamphepo. Mungawayankhe bwanji mwaulemu?
4. Ndi miyambo iti ya kwanu imene imathandiza mayi wapakati? Nanga ndi iti imene imamuika pangozi?
5. Usiku mayi wayamba kutaya magazi, mwamuna wake kulibe. Achite chiyani anthu apafupi?

NTCHITO YOLEMBA NDI KUWERENGERA

1. Lembani m'kope mwanu zakudya zonse zimene banja lanu linadya dzulo. Pambali pa chilichonse lembani gulu lake. Magulu angati akwana?
2. Pofuna kudziwa nthawi yochira, timatenga tsiku loyamba la msambo womaliza, n'kuwonjezera miyezi 9 ndi masiku 7. Chitsanzo: 10 Januwale amatipatsa 17 Okutobala. Tsikuli ndi longoyerekeza, mwana angafulumire kapena kuchedwa pang'ono. Tsopano pezani tsiku la mayi amene msambo wake womaliza unayamba pa 3 Malichi.
3. Banja likusunga K500 sabata iliyonse. Lidzakhala ndi ndalama zingati pakatha masabata 30?
4. Lembani zizindikiro zoopsa zisanu ndi zinayi zija pa pepala, ndi zilembo zikuluzikulu. Likhomeni pakhoma m'nyumba mwanu, ndipo muwerengere onse a pabanja panu.
5. Sabata ino kachezereni mayi mmodzi wapakati wa m'mudzi mwanu. Mufunseni ngati wayamba sikelo. Ngati sanayambe, panganani tsiku ndipo mumuperekeze.